Tsiku Limene a Sayankha Anayankha Moni

Ine ndine telala, ndipo pakamwa pangapa palibe mabuleki. Ndikuneneratu kuti mukamva zimene ndinawalankhula amayi aja musadabwe. Papita zaka zoposa makumi awiri, koma manyazi ake ndikadali nawo.

Tinkawatcha a Sayankha. Dzinali sanapatsidwe ndi makolo awo ayi, tinawapatsa ndife, azimayi a pabenchi ya ku labu, kumene iwo ankayeza magazi. Chipinda chawo chinali kumapeto kwa khonde la chipatala, moyang'anizana ndi mpopi umene unkadontha chaka chonse. Pakhoma panali kawindo kamatabwa kolandirirapo zotsatira, ndipo ukasuzumira unkangoona msana: gauni loyera, tsitsi lomanga kumbuyo ndi kalabala, mutu uli zyoli pa maikulosikopu. Ukati, "Mwadzuka bwanji amayi?" zii. Ubwereze mokweza, zii. Milomo yokha ikugwedera ngati munthu wopemphera, kwinaku chala chachikulu cha dzanja lamanja chikudina kachitsulo kokhala ngati loko wa pachitseko: tche, tche-tche, tche.

Pakatha mphindi makumi awiri, iwe utaiwala kale, ankadzutsa mutu n'kunena kuti, "Ndadzuka bwino, kaya inu." Abale, moni wofika ngati kalata wa papositi, ameneyo ndi moni?

"Kudzimva," ankatero mayi wina pabenchipo.

"Sukulu inawapweteka," wina ankawonjezera.

"Mtima wouma umenewo. Simukudziwa kuti sanabereke?" Ameneyu ankanong'ona, koma tonse tinkamva.

Chimene chinkandifikitsa pabenchipo chinali mwana wanga wachiwiri, wamkazi. Tinkamutcha Kaphokoso, chifukwa anayamba kulankhula asanayambe kuyenda ndipo sanasiyenso. Anabadwa ndi matenda a siko selo. Ali ndi miyezi isanu ndi itatu timanja ndi timapazi tinatupa, analira masiku atatu osalola kumukhudza. Adokotala anati matendawa mwana amatengera kwa makolo onse awiri, mbewu imodzi kwa mayi, ina kwa bambo. Apongozi anga anakanitsitsa kuti kumtundu kwawo kulibe zotere. Magazi a mwana wawo atayezedwa n'kupezeka ndi mbewuyo, anasintha nkhani n'kuyamba kudandaula za mvula.

Ndiye Lachiwiri loyamba la mwezi uliwonse ndinkaphimba mashini anga osokera, kubereka Kaphokoso kumbuyo, ulendo wa kuchipatala. Anesi ankamutenga magazi, kabotolo kankalowa pakawindo kaja, ife n'kukhala pabenchi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinkadana nawo amayiwo, koma pepala lawo ndinkalifuna.

Tsiku limene ndinachita zamanyazi, Kaphokoso anali ndi zaka zinayi. Miyendo inkamupweteka, akulira mondikanda pakhosi. Adokotala anali atamupatsa mankhwala opha ululu, nati tidikire zotsatira. Ndinadikira. Ndinapereka moni, zii. Ndinagogoda pakawindo, zii. Tche, tche, tche basi. Mtima unakwera, ndipo ndinalowetsa mutu pakawindopo.

"Inu amayi inu! Mukanakhala kuti munaberekapo, bwenzi mukudziwa kuti mwana akamalira chonchi mayi sadikira!"

Ngakhale amene ankanong'ona aja anayang'ana pansi. Chala chija chinaima m'mwamba osadina. Ndinaona mapewa awo akukwera n'kutsika. Kenako anapotokola kachitsulo kaja kubwezera manambala pa ziro, anasuntha kagalasi kamagazi kubwerera poyambira, milomo n'kuyambanso kugwedera. Ndinakhala pansi nkhope ikutentha.

Atamaliza anatsekula chitseko, osati kawindo. "Amake mwana, lowani."

Ndinalowa ndikuyembekeza kutukwanidwa, ndipo kunena zoona ndinkafuna anditukwane kuti tifanane. M'chipindamo munkanunkha sipiriti. Pawindo lalikulu panali zitini zapenti zitatu zodzalamo maluwa. Nsonga za zala zawo zinali zabuluu.

"Ndinali pa seveni handiredi," anatero. "Mwandisokoneza, ndiye ndayambiranso. Mwachedwetsa mwana wanu nokha. Tsinzinani diso limodzi, muyang'ane umu."

Ndinayang'ana. Poyamba ndinangoona nsidze zanga. Anapotokola kenakake, ndipo mwadzidzidzi munadzaza tizinthu tozungulira totuwa, tina topindika ngati chikwakwa.

"Amenewo ndi maselo ofiira a mwana wanu. Tsopano funani amene ali ndi timadontho kapena tiulusi tabuluu m'kati. Mwawaona? Amenewo ine ndimawatcha makanda. Atuluka m'mafuta a m'mafupa dzulo kapena dzana, sanakhwime. Ndikathira mankhwala abuluuwa amaonekera. Mwa ine ndi inu selo limakhala miyezi inayi. Mwa mwana wanu limapindika, pakatha milungu iwiri kapena itatu laphwanyika. Ndiye mafupa ake sapuma, amabereka ena mothamanga kuti alowe m'malo. Ine ndimawerenga maselo chikwi chimodzi chamumtima, ndikakumana ndi khanda ndimadina. Mwa inu ndingadine kakhumi, mwina makumi awiri. Mwa iyeyu ndimadina kopitirira handiredi. Ndikayankha moni pakati, nambala yathawa."

Safunsa anadya phula. Zaka zitatu ndikuwajeda, osafunsa n'kamodzi komwe kuti akuchita chiyani.

"Kachitsuloka kakamalira, ndiye kuti mafupa ake akugwira ntchito," anapitiriza akulemba papepala. "Tsiku limene mudzakamve kali chete, musadzapite kunyumba, kaya wina adzakuuzani chiyani." Anandipatsa pepalalo. Ndili pakhomo anawonjezera osandiyang'ana, "Zoti sindinabereke n'zoona. Makanda anga ndi omwewa."

Ndinafuna kupepesa, koma ndinangotuluka ndi pepala langa. Mwezi wotsatira ndinawasokera chophimbira maikulosikopu cha nsalu yamaluwa, chokhala ndi zingwe zomangira. Anachilandira, anachitembenuza kuona msoko, nati, "Mzere wanu ndi wowongoka." Kupepesa kwanga kunathera pomwepo, ndipo ndinadzinamiza kuti kwakwanira.

Mbiri yawo ndinaitola pang'onopang'ono, nthawi ya hafu thwelofu pamene ankatseka kawindo n'kumwa tiyi ndi buledi wopanda kanthu. Bambo awo anali okonza mawotchi, ndipo iwo anakula akugwirizira tizitsulo tosaoneka ndi maso, n'kumakalipiridwa akapuma mwamphamvu. Anakwatiwa ndi dalaivala wa basi. Mwamunayo anadikira mwana zaka zisanu ndi ziwiri, kenako anakakwatira kumapeto kwa msewu umene ankayendamo. Anasiya wotchi yapamkono yaikulu, imene a Sayankha ankavala ataiboola lamba bowo lina. "Wotchiyo inalibe mlandu," ankatero. Ankakhala okha m'nyumba yazipinda ziwiri. Sankapita kumaphwando a ogwira nawo ntchito. Ana onse a siko selo a pachipatalapo ankawadziwa manambala awo pamtima, mwezi ndi mwezi, ngakhale ena nkhope sankazidziwa bwino.

Ndinasintha mbali pabenchi. Mayi watsopano akayamba zoti amayi awa ndi amwano, ndinkamuzazira ine. "Tatsekani pakamwa, akuwerenga mwana wanu!" Anzanga ankaseka, ati taonani amene akulalikira.

Kaphokoso ndiye anawakonda zedi. Atayamba sukulu n'kudziwa manambala, ankakhala pansi pa kawindo n'kumawerenga kulira kwa kachitsulo ndi zala.

"Amayi, afika handiredi twente!"

"Iwe, nong'ona."

"Ndikunong'onatu!" Khonde lonse likumva.

A Sayankha akamaliza ankasuzumira pansi n'kumufunsa, "Wapeza angati?" Akalondola ankamupatsa choko chimodzi. Sindidziwa kumene ankachitenga. Nyumba yanga yonse inali manambala m'makoma.

Masiku amenewo ndimawasowa, ngakhale anali owawa. Benchi ija inali yolimba, yong'amba masiketi ndi msomali wake wapakona, koma tinkasekapo. Tinkaphunzitsana kumwetsa ana madzi ambiri, kuwafunditsa kukazizira, kuyang'ana m'zikhatho ndi m'zikope. Ena mwa ana amene ankathamanga pakhondepo kulibe lero. Amayi awo tikakumana mumsewu timangogwirana manja nthawi yaitali.

Kaphokoso ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, kalasi yawo yonse inagwidwa ndi chimfine ndi kutentha thupi. Naye anadwala masiku atatu n'kuchira. Koma sabata yotsatira ndinaona chachilendo: ndinasoka diresi lonse mpaka kuika zipi popanda wondifunsa funso. Ndinacheuka, ndinamupeza wagona pamulu wa zigamba masana dzuwa lili pamutu. Ululu analibe. Ankangoti, "Ndatopa, amayi." Mwayi wake, m'mawa mwake linali Lachiwiri lathu.

Tinapeza adokotala atsopano, achinyamata, mzere wa odwala utafika panja. Anamuyeza bwinobwino, sindingawanamizire. Pepala la kuchuluka kwa magazi, limene linkatuluka msanga, linasonyeza kuti atsika pang'ono chabe kuyerekeza ndi masiku onse.

"Ndi chimfine chija chamufooketsa," anatero. "Apitirize mapiritsi ake, amwe madzi ambiri, apume. Zotsatira zinazo tidzaona mwezi wamawa."

Ndinasangalala, chifukwa kunyumba kunali madiresi a ukwati wa eni ake akundidikira. Ndinabereka mwana, chimwana chachikulu miyendo ikundimenya m'mawondo, ndinafika mpaka pageti. Pamenepo ndinaima. Zaka zitatu ndinali ndisanachokepo pachipatalapo osapereka moni pakawindo paja, moni woti ndikayankhidwe pakatha mphindi makumi awiri. Ndinati ayi, ndikawalonjere kaye, madiresi sathawa.

Ndinamukhazika Kaphokoso pabenchi, anatsamira paphewa panga. Msana wa a Sayankha unali pamalo pake, mutu zyoli, milomo ikugwedera. Ndinadikira kuti ndimve tche. Ndinamva mpopi uja ukudontha. Zaka zonsezo ndinali ndisanaumvepo kulira kwake. Ndinaganiza kuti mwina kagalasi kameneko n'ka munthu wina. Ndinawaona akubwezera kagalasiko poyambira. Anatenga kena, anapaka magazi, anayambiranso. Tche. Ndinadikira wachiwiri nthawi yaitali.

Ndinadzuka, ndinafika pakawindo. "Mwadzuka bwanji amayi?"

"Ndadzuka bwino, amake Kaphokoso. Mwana ali kuti?"

Pompopompo, ndisanatseke n'komwe pakamwa. Mayo ine! Moyo wanga wonse sindinaopepo mawu ngati mmene ndinaopera moni ameneyo.

Anatuluka ndi pepala m'manja. Nsapato ankazivula akamagwira ntchito, ndipo tsiku limenelo anaziiwala pansi pa tebulo. Anathamanga pakhonde ndi masokosi, ine pambuyo ndi mwana m'manja, anthu akupatuka. Anadutsa mzere wonse, anagogoda kamodzi n'kulowa.

"Adokotala, pepani kukudulani. Mwana uyu, mwa maselo chikwi chimodzi, makanda awiri. Ndawerenga katatu. Mwezi watha anali handiredi sate."

"Koma magazi ake sanatsike kwenikweni, amayi."

"Lero sanatsike. Akale akufa tsiku ndi tsiku monga mwa nthawi zonse, koma atsopano sakubadwa. Akapita kunyumba, pofika mkuja sadzatha kudzuka."

Adokotala anayang'ana pepala, anayang'ana masokosi, anamutsegula Kaphokoso chikope. Mulungu awadalitse kumene aliko, sanachite makani. Analemba zomugoneka n'kuitanitsa magazi. Anandifotokozera kuti pali kachilombo kena kobwera ngati chimfine, kamene kamaimitsa mafuta a m'mafupa kwa sabata imodzi kapena kuposerapo. Munthu wamba sazindikira n'komwe, poti maselo ake amakhalitsa. Mwana wa siko selo alibe osungira.

M'mawa mwake milomo ya mwana wanga inali itayera ngati pepala, mtima ukugunda moonekera pakhosi. Magazi anali atatsika zoopsa. Anamuwonjezera magazi tsiku lomwelo. Ndinakhala pambali pa bedi ndikuyang'ana madontho ofiira akutsika m'kachubu, n'kumaganiza za geti lija, kuti ndikanangoponda phazi limodzi kunja, bwenzi nthawi imeneyo ndikupinda mpendero wa diresi mwana akuzizira pazigamba.

Magazi opatsidwa anali ongobwereka. Funso linali lakuti mafupa ake adzukanso kapena ayi. M'mawa uliwonse anesi ankatenga kabotolo, ine n'kukalondola mpaka pabenchi. Lachinayi, mpopi. Lachisanu, mpopi. Loweruka a Sayankha sankagwira ntchito, koma anabwera atavala diresi la kunyumba. Mpopi. Lamlungu chimodzimodzi. Moni wanga ankayankha msanga masiku onsewo, ndipo ndinayamba kudana nako kuyankhidwa.

Lolemba ndinapereka moni. Zii.

Tche.

Ndinagwira m'mphepete mwa benchi.

Tche. Tche-tche. Tche-tche-tche, tche.

Ndinalira mokuwa, chigwadire pasimenti. Azimayi anathamanga kudzandigwira poganiza kuti mwana watisiya. Ine ndikulozera kukawindo, "Tamverani! Tamverani inu!" Iwo osamvetsa kuti wamisalayu akuti amvere chiyani. Patatha mphindi makumi awiri mutu unadzuka. "Ndadzuka bwino, kaya inu. Handiredi naini. Koma mukusokosa." Nditabwerera kuwodi ndinapeza Kaphokoso atakhala tsonga, akuwafunsa anesi chifukwa chake makatani awo ali ong'ambika pamene amayi ake ndi telala.

Patapita zaka anamuyambitsa makapisozi atsopano omwa tsiku lililonse. Miyezi ingapo itadutsa ndinaona kuti kachitsulo kakulira motalikana. Seventi, sikisite. Ndinalowa m'chipinda muja osagogoda, mtima uli m'mwamba. Ndi tsiku lokhalo limene ndinawaona a Sayankha akuseka mpaka kuoneka mano.

"Khalani pansi, amake Kaphokoso. Taonani pepala linali, magazi akwera. Akuluakulu akukhalitsa tsopano, ndiye mafupa akupumako. Kuchepa kwina n'kwabwino. Nambala imodzi siwerengedwa yokha." Nambala yawoyo ndi imene adokotala ankayang'ana, pamodzi ndi zina, pofuna kudziwa ngati awonjezere mankhwalawo kapena ayambe aimitsa.

Kenako kunabwera makina. Chibokosi choyera cholira ngati firiji, choti ukaikamo kabotolo mphindi ziwiri pepala latuluka, makanda ndi zonse. Ine ndinachinyoza. A Sayankha anandiletsa. "Chimawerenga maselo ambiri kuposa ine, ndipo sichitopa maso. Anga ayamba kuchita nkhungu. Musachinyoze, chithandiza ana." Komabe khonde lija linakhala lachilendo. Pepala linkatuluka munthu usanatenthetse n'komwe benchi, ndipo azimayi anasiya kudziwana. Tsiku lopuma pantchito a Sayankha anatenga zitini zawo zamaluwa ndi chophimbira chija. Kachitsulo anamupatsa Kaphokoso, amene nthawi imeneyo anali ku sekondale. Utoto pamalo odinapo unali utatha, chitsulo chitalowa m'kati potengera chala chawo.

Kaphokoso lero ndi mphunzitsi wa masamu, ndipo ana ake a m'kalasi ndimawamvera chisoni makutu. Atapeza mwamuna, ndinamukoka mnyamatayo ndekha kukayezetsa magazi asanalankhule za ukwati. Analibe mbewu ija. Mimba yake inali yovuta, anagonekedwa kawiri, anamuwonjezera magazi kamodzi, ndipo kachitsulo kaja kankakhala m'chikwama chake ulendo uliwonse. Mwezi wathawu anabereka mwana wamwamuna.

Ndi a Sayankha tinali titatayana kwa zaka zinayi, mlandu ndi wanga. Nditafunsafunsa ndinamva kuti anadwala sitiroko, ndipo akusungidwa ndi mwana wa mchemwali wawo. Tinapita Loweruka masana, ine, Kaphokoso ndi khanda.

Tinawapeza pampando pafupi ndi windo, bulangete m'miyendo. Anachepa thupi, tsitsi lonse mbuu. Dzanja lamanja linali gone pamwendo, lopinda, nsonga za zala zitayera, ubuluu uja utatheratu. Wotchi ija inali kumanzere. Pawindo panali zitini zapenti, ndipo chophimbira changa chamaluwa anavindikira nacho wailesi.

Ndinagwada. "Mwaswera bwanji amayi?"

Zii.

Mwana wa mchemwali wawo uja anandinong'oneza, "Pepani, chidwalireni salankhula. Sayankha."

"Ndikudziwa mwanawe," ndinatero. "Ine ndinazolowera kudikira."

Ndiye poti sakanatha kundidula mawu ndi nkhani ya msoko, ndinanena zimene ndinalephera zaka zonsezi. "Amayi, mawu aja ndinalankhula pakawindo, oti simunabereke. Ndinalakwa. Pepani. Kaphokosoyu ine ndinangomubereka kamodzi, kachiwiri munamubereka ndinu."

Kaphokoso anawaika khanda pamiyendo, nalichirikiza ndi dzanja. Anapisa m'chikwama, anatulutsa kachitsulo kaja, anabwezera manambala pa ziro, nawafumbatitsa kudzanja lamanzere.

A Sayankha anaweramitsa mutu, zyoli, monga kale. Anamuyang'ana mwanayo kuyambira kuliwombo, timakutu, timanja, mpaka kutizala ta kumapazi, osafulumira. Milomo inayamba kugwedera. Palibe anayerekeza kuwasokoneza. Chala chakumanzere, chosazolowera ntchitoyo, chinafufuza podina, chinaterereka, chinabwereranso.

Tche.